Tinyama ta m'madzi tikanenepa ndi mankhwala, vuto n'chiyani?

Aphunzitsi ena a ku Ulónguè andilembera imelo sabata yatha. Akuti anawerenga kuti mankhwala ena otayikira m'nyanja amanenepetsa tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi, ndiye akufunsa kuti: "Kanyama kakanenepa si ndiye nsomba zapeza chakudya chonona? Nanga ife a kuno ku Angónia, kutali ndi nyanja yamchere, zikutikhudza pati?"

Aphunzitsi, zikomo kwambiri, funso lanu landigwira mtima. Ndiyambe ndi kanyamako, chifukwa ambirife timamwa madzi osadziwa kuti muli anzathu.

Mukatunga madzi pachithaphwi cha m'dambo mvula itangodula, n'kuwathira m'botolo loyera, muyang'anitse padzuwa. Muona timadontho tikudumphadumpha ngati utitiri. Tina mwa ito ndi ta mtundu wa Daphnia, abale ake a nkhanu, ndipo takula kwambiri ndi mamilimita asanu. Timadya ndere. Pa maikulosikopu thupi lake limaonekera mkati, moti mumaona mtima ukugunda, mazira ali pamsana, ndi timipira ta mafuta tofiirira titamwazika m'thupi. Timipira timeneto ndiye nkhokwe yake. Kanyama kakakazi kamadya n'kusunga mafuta, ndipo nthawi yofundula chikamba ikafika kamawasamutsira m'mazira atsopano. Kamwana kakaswa, kamayamba moyo ndi kamba amene amake anakalongedzera.

M'nyanja zozizira za kumpoto muli kena kotchedwa Calanus finmarchicus, kausinkhu wa njere ya mpunga. Kamadzaza thumba la mafuta nthawi yotentha, kenako kamatsikira pansi penipeni n'kukhala miyezi yambiri osadya. Mafuta akachepa sikaiona nyengo ina.

Tsono chimene chimalamula kuti mafuta asungidwe kapena atuluke ndi mahomoni, timadzi timene thupi limapanga lokha kuti tizinyamula uthenga kupita ku ziwalo. M'maselo muli timapuloteni tolandira uthenga, tokhala ngati loko, ndipo homoni ndiye kiyi wake. Tsoka lake n'lakuti mankhwala ena opangidwa ndi anthu amalowa m'loko yemweyo. Wodziwika kwambiri ndi TBT, amene ankasakaniza mu penti wa pansi pa sitima zapamadzi kuti nkhono ndi ndere zisamamatirepo. Anthu anadzidzimuka ataona nkhono zazikazi za m'madoko zikumera ziwalo zachimuna, ndipo pangano la mayiko loletsa pentiyu linayamba kugwira ntchito mu 2008. Mu 2006 Bruce Blumberg ndi Felix Grün a ku California anatcha mankhwala otere dzina lakuti obesogen, kutanthauza onenepetsa, poona kuti TBT amachulukitsa mafuta mwa mbewa ndi achule.

Yankho la funso lanu loyamba lili mu kafukufuku wa ku Barcelona wa mu 2015. Asayansi anaika Daphnia magna m'madzi okhala ndi TBT pang'ono. Timayi tinadzazadi mafuta, koma mafuta aja sanapite kumazira monga mwa nthawi zonse. Anatsalira mwa amake. Ana amene anabadwa anali ofooka, ndipo atakula anabereka ochepa. Taganizirani mayi amene nkhokwe yake yadzaza mpaka kudenga koma chitseko chakana kutseguka, ana ali pakhomo ndi mbale zopanda kanthu. Wodutsa panjira anena kuti pakhomo apa pali mwanaalirenji, pamene mbumba ikutha. Kunenepa kumene munawerengako ndi kumeneku. Nsomba ikhoza kudya kamayi konona lero, koma mawa tinyama tachepa, ndipo pamodzi ndi mafuta aja yamezanso mankhwala, pakuti ambiri a iwo, monga DDT, amasungunuka m'mafuta osati m'madzi ndipo amaunjikana pokwera kuchoka ku kanyama kupita ku nsomba mpaka kwa odya nsomba.

Tibwere kwathu. Kapenta amene timagula pamsika, wogwidwa usiku ndi nyali pa Cahora Bassa, kwawo kwenikweni ndi ku nyanja ya Tanganyika. Anamuika mu Kariba cha m'ma 1967, kenako anatsika ndi Zambezi n'kudzakhazikika mu Cahora Bassa damu lake la ku Songo litatsekedwa mu 1974. Chakudya chake chachikulu ndi tinyama tomwe tija. Ndiye mukamakazinga kapenta n'kumva fungo la mafuta ake, dziwani kuti anayambira mu ndere, n'kudutsa m'timipira tija.

Koma madzi athu a ku Angónia sapita ku Cahora Bassa. Mitsinje yathu yambiri imathira mu Revúbuè, amene amadutsa ku Moatize n'kukumana ndi Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, kumunsi kwa damu. Kuchoka apo ulendo ndi wa ku nyanja yamchere, kumene kamarawu amakulira m'mitengo ya m'matope ya kumathiriro a mtsinje. Nayenso ndi wa banja la nkhanu, amafundula, ndipo ali kamwana sasiyana kukula ndi tinyama ta m'botolo tija.

TBT sitimugwiritsa ntchito kudimba, zimenezo n'zoona. Koma mankhwala ena ophera tizilombo anapangidwa dala kuti asokoneze mahomoni. Pyriproxyfen, wopopera ntchentche zoyera ndi kuphera mphutsi za udzudzu, amanamizira homoni ya ubwana wa tizilombo, ndipo Daphnia akamumwa amayamba kubereka ana aamuna m'malo mwa aakazi. Cypermethrin amene timapopera tomato ndi kabichi ndiye sachita kuzungulira, amapha tinyama timeneti ngakhale atakhala wochepetsetsa m'madzi.

Chimene chimandiwawa ndi chimene ndinaona chaka chatha kudimba la msuweni wanga. Atatha kupopera mbatatesi, mnyamata wake anatsikira kumtsinje ndi bomba kumsana, kuviika, kukhutchumula katatu, madzi oyera ngati mkaka n'kumatsika ndi mtsinje, pamunsi pang'ono amayi akutsuka mbale. Sanachite mwa nkhanza, palibe anamuuzapo. Tinakumba naye dzenje kumtunda, kutali ndi madzi, ndipo madzi otsukira bomba tsopano amapoperanso m'mizere yomweyo ya mbatatesi.

Aphunzitsi, mvula ikadula mudzatengere ana anu kudambo ndi mabotolo awiri oyera. Limodzi mudzatunge kumtunda kwa madimba, lina kumunsi, mudzaike pawindo la kalasi, anawo awerenge okha timadontho todumpha. Mudzandilembere zimene adzapeze.