Chingerezi chanu chilibe mlandu, achemwali

Mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito ya unamwino ku Leicester, ku England, wandilembera pa imelo. Akuti anzake a kuntchito amadzaza crossword, masewera olemba mawu m'timabokosi poyankha mafunso, ya kumapeto kwa magazini ya ku Britain ya Private Eye pa nthawi yopuma, uku akufa nacho chikhakhali, iye osatolapo kanthu. Anagula yakeyake, wakhala nayo sabata yathunthu, koma palibe kabokosi n'kamodzi komwe kamene walembamo. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi Chingerezi changa n'choperewera chonchi? Ndingozisiya?"

Achemwali, musazisiye. Funso lanu loyambalo landilasa mtima, chifukwa ndikudziwa kumene lachokera. Munthu amene mumawerenga zolemba za madokotala, kuyeza mlingo wa mankhwala, kutonthoza achibale a wodwala pakati pa usiku m'chiyankhulo cha eni, lero mudzikayikire chifukwa cha timabokosi? Ayi ndithu.

Ine masewerawa ndinawadziwira pa ntchito ya usiku, kunyumba yosamalirako okalamba. Kunali agogo ena aamuna, kale anali mphunzitsi wa masamu, amene tulo tinkawavuta. Maso anali atayamba kufooka koma nzeru zinali zonse. Mwana wawo ankawabweretsera Private Eye ikangotuluka, ndiye kuti masabata awiri aliwonse, ndipo anzawo onse akagona ankandipempha kuti ndiziwawerengera mafunso mokweza, ine ndizilemba mayankho ndi pensulo. Ndikawerenga funso ankatsinzina, n'kumagogoda zala pabulangete, chala chimodzi chilembo chimodzi, milomo ikugwedera. Kenako amvekere, lemba chakuti. Ndikayang'ana funso, n'kuyang'ana yankho, sindinkaona ubale uliwonse. Funso likukamba za nduna, yankho likukamba za nsomba. Koma zilembo zinkalowa bwinobwino, n'kulumikizana ndi mawu otsika m'munsi.

Usiku wina ndinawafunsa chinsinsi chake. Anandiuza kuti ndikumvetsera zimene chiganizo chikunena, pamene chiganizocho anachilemba dala kuti chindisocheretse. Funso lililonse lili ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi tanthauzo lenileni la yankho, ndipo pafupifupi nthawi zonse imakhala koyambirira kapena kumapeto. Mbali yotsalayo ndi malangizo a mmene ungamangire liwu lomwelo ndi zilembo. Nambala ya kumapeto ndi kuchuluka kwa zilembozo. Nkhani imene chiganizo chonse chikuoneka ngati chikusimba ndi nyambo chabe.

Taonani funso ili, ndalipanga ndekha motsanzira kalembedwe ka m'magaziniyo: "Tories tired and emotional in raid (6)". Mukaliwerenga ngati nkhani muona andale a chipani cha Conservative atatopa, apolisi atawatulukira. Zimenezo iwalani. Tanthauzo ndi liwu lomaliza, raid. Mawu akuti tired and emotional, m'kayankhulidwe ka Private Eye, amatanthauza kuledzera. Ndipo mu crossword liwu lililonse lonena za kuledzera, kusweka, misala kapena chisokonezo likukuuzani kuti musakanize zilembo za liwu loyandikana nalo. TORIES ali ndi zilembo 6. Zisakanizeni mupeza SORTIE, kumene kuli kuthira nkhondo mwadzidzidzi. Basi, latha.

Tsono ndiuzeni, achemwali, ndi kalasi iti ya Chingerezi imene imaphunzitsa kuti munthu wotopa ndi wogwidwa chisoni ndi chidakwa? Palibe. Mawuwa anatchuka m'zaka za m'ma 1960 chifukwa cha George Brown, nduna ya chipani cha Labour yomwe inayang'anirapo nkhani zakunja, munthu wodziwika ndi botolo. Malamulo a ku Britain okhudza kuipitsa mbiri ya munthu ndi okhwima, moti kulemba poyera kuti wakutiwakuti analedzera kukhoza kukutengera kukhoti, ndiye atolankhani anapeza njira yozungulira. Private Eye, imene inayamba mu 1961, yakhala ikusumiridwa kosawerengeka. Mpondamatiki James Goldsmith anaisumira, mwini nyuzipepala Robert Maxwell anaisumira, ndipo mu 1989 khoti linaigamula kuti ilipire Sonia Sutcliffe, mkazi wa chigawenga chopha anthu Peter Sutcliffe, £600,000, ndalama imene inadzatsitsidwa kufika pa £60,000 atachita apilo. Mkonzi wake, Ian Hislop, ali pampando kuyambira 1986, ndipo makhoti amawadziwa bwino. Kayankhulidwe kokuluwika kameneka kanabadwa chifukwa cha mantha a maloya, kenako kanasanduka chizolowezi cha pabanja.

Private Eye musaione ngati magazini ya nthabwala zokhazokha. Kuseri kwa zojambula zoseketsazo kuli masamba ofufuza nkhani zolemera. Inali imodzi mwa nyumba zochepa zofalitsa nkhani zimene zinakakamira kwa zaka zambiri nkhani ya oyendetsa mapositi ofesi ang'onoang'ono amene anaimbidwa milandu yakuba, chonsecho cholakwa chinali pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Horizon. Anthu mazanamazana anazengedwa milandu pakati pa 1999 ndi 2015, ena anamangidwa, ena anataya nyumba ndi mabanja. Ndimailemekeza chifukwa cha zimenezo, ndipo ndikanakonda kwathu kukanakhala pepala la khama lotere lokhala ndi ndalama zopirira nazo milandu.

Koma ndibwerere kwa inu. Chimene chandiwawa m'kalata yanu n'chakuti mutalephera, chala munaloza nacho Chingerezi chanu msangamsanga. Mzungu wobadwira ku Leicester komweko akaitenga crossword imeneyi koyamba, nayenso amatuluka chimanjamanja. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amati masewerawa ndi opusa, n'kuiponya uko. Ife timati opusa ndife. Izi anatibzala tili ana. Kusukulu kumene ine ndinaphunzira, ukagwidwa ukuyankhula Chichewa unkalembedwa dzina, madzulo ake chikwakwa m'manja kukatchetcha bwalo. Amene ankathyola Chingerezi ankasekedwa ndi kalasi yonse, nthawi zina aphunzitsi akutsogolera kusekako. Tinakula tikuyesa nzeru za munthu ndi mmene lilime lake likupindikira. Timawoloka nyanja ndi mantha omwewo, timapeza madigiri ndi mantha omwewo, ndipo chinthu chikangotikanika timamva ngati aja olemba mayina atipezanso. Ine ndikuti zimenezi ndi bodza limene latidyera zambiri, ndipo sindikufuna kuti likulandeninso chisangalalo chaching'ono ngati ichi.

Ndinenenso china chimene ndimachikhulupirira ndi mtima wonse: ife masewerawa timawayamba tili kale patsogolo. Kumbukirani madzulo a kumudzi, wina akati "Chilape!" ena n'kuvomera "Nachize!", kenako "Nyumba ya amayi yopanda khomo." Palibe mwana amene ankadzuka kukazungulira nyumba kufunafuna khomo. Tonse tinkadziwa kuti nyumbayo si nyumba, ndipo wochenjera ankafuula kuti dzira. Luso lake ndi lomwelo, kumva mawu koma osawakhulupirira. Kuwonjezera apo, munthu amene Chingerezi anachiphunzira pa bolodi amachidziwa ndi maso. Ife tinaloweza masipelo chilembo ndi chilembo, tinkaimba zilembozo mokweza. Eni chiyankhulo ambiri amachidziwa ndi makutu, ndipo liwu akaliona amathamangira tanthauzo. Agogo aja anadabwa kuona kuti mafunso obisa liwu m'kati mwa mawu ena ndinkawagwira msanga kuposa iwo. Mwachitsanzo, "Some liberal army warning (5)". Liwu lakuti some likukuuzani kuti mutengeko gawo chabe. Yang'anani kumapeto kwa liberal ndi koyambirira kwa army, mupeza ALARM atagona pamenepo, chenjezo limene funso likufuna.

Sindikunena kuti zonse ndi zachilungamo. Masewerawa anakulira m'manja mwa azibambo ophunzira kusukulu zapamwamba za ku England, ndipo fungo lake likadalipo. Amayembekeza kuti mumadziwa cricket, moti duck ndi O chifukwa wosewera amene sanapeze kanthu amatchedwa choncho, ndipo leg ndi ON. Amayembekeza kuti mumadziwa tennis, moti love ndi O. Sailor ndi AB kapena TAR, worker ndi ANT, the French ndi LE kapena LA, quiet ndi P wa m'mabuku a nyimbo. Flower nthawi zina si duwa koma mtsinje, poti umayenda. Izi si nzeru, ndi mndandanda woloweza, ndipo amene amadzitama nazo ngati anabadwa nazo amandinyansa. Palinso mawu ena a Private Eye amene sindinawazolowere mpaka lero. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 amati Ugandan discussions akafuna kunena za kugonana kwa mseri. Owerenga ake amaseka, koma ine monga munthu wa ku Africa sindiona chifukwa chake dzina la dziko lathunthu likhale chophimbira zachiwerewere za anthu a ku London. Muyenera kuwadziwa mawuwo chifukwa mudzakumana nawo, koma palibe amene akukukakamizani kuwakonda.

Pa nkhani ya zolaula, ndikuchenjezeretu. Crossword ya m'magaziniyi ndi yotukwana, ndipo ndi mwambo wake wakalekale. Tom Driberg, phungu wa Labour, ankaitchera kuyambira 1969 mpaka imfa yake mu 1976 pogwiritsa ntchito dzina lakuti Tiresias, ndipo inatchuka ndi mawu osayenera kutchula pamaso pa apongozi. Wotchera wa masiku ano amadzitcha Cyclops, chimphona cha diso limodzi cha m'nthano za Agiriki, mogwirizana ndi dzina la magaziniyo. Dzina lake lenileni ndi Eddie James, ndipo ku nyuzipepala ya Guardian amatchera ngati Brummie. Mwina chimene chimawaseketsa anzanu aja ndi zolaulazo. Ngati ndinu munthu wa mapemphero ndipo ziwalo zobisika simukufuna kuzilemba ndi dzanja lanu, ndikumvetsani, ndipo ma crossword aulemu alipo ambiri. Koma ngati mungapirire, zolaulazo zimathandiza wophunzira, chifukwa mukadziwa kumene mutu wa wotcherayo umakonda kulowera, theka la ntchito latha.

Mayina a m'nyumba

Awa ndi mayina amene Private Eye imaveka anthu, amene mabuku ophunzitsa crossword sangakupatseni. Brenda ndi malemu Mfumukazi Elizabeth, ndiye mukaona dzinali lembani ER, zilembo za ufumu wake. Brian ndi dzina la Charles, amene analowa ufumu mu 2022. Grauniad ndi nyuzipepala ya Guardian, poinyoza kuti inkalakwitsa masipelo. Inspector Knacker ndi apolisi. Lord Gnome ndi mwini wake wongopeka wa magaziniyo. Yesani ili, nalonso ndi langa: "Short skirt on street with Brenda, one in government (8)". Siketi yaifupi ndi MINI, ija inali yoletsedwa kwathu nthawi ya Kamuzu. Street mwachidule ndi ST. Brenda ndi ER. Lumikizani, mwapeza MINISTER, munthu wa m'boma. Pamwamba pa mayinawa, Cyclops amatenga anthu amene ali m'nkhani masabata amenewo, nduna imene yachotsedwa, mkulu wa kampani amene wagwidwa, mtsogoleri wa ku America. Choncho werengani kaye magazini yonse musanafike kumapeto. Mayina ambiri ali momwemo.

Tsono muyambire pati? Musayambe ndi funso loyamba. Yendani ndi maso mndandanda wonse kufunafuna mawu a kuledzera, kusweka ndi chisokonezo, muwerenge zilembo za mawu oyandikana nawo, ndipo zikafanana ndi nambala ya kumapeto, zilembeni mozungulira papepala lapadera n'kuyamba kusakaniza. Kenako funani obisika aja, amene amabwera ndi some, part of kapena in. Mukapeza awiri kapena atatu, zilembo zopingasa zikutsegulirani ena. Lembani ndi pensulo. Sungani magazini yanu mpaka mayankho adzasindikizidwe, ndipo pa yankho lililonse mudzifunse kuti tanthauzo linali liti, malangizo anali ati. Kuphunzira kwenikweni kuli pamenepo, kuyambira ku yankho kubwerera ku funso. Ngati Cyclops wakukulirani mphamvu poyamba, Guardian ili ndi ma crossword otchedwa Quiptic ndi Quick Cryptic okonzera oyamba kumene, ndipo ali pa intaneti.

Anzanu aja musawaope. Pa nthawi yopuma kokani mpando, muwauze kuti akufotokozereni funso limodzi lokha mmene alipezera. Anthu a masewerawa amakonda kufotokoza kuposa kudzaza kumene, moti mwina belu la kuwodi lidzalira asanamalize.