Mafunso Anu: Ndingazipeze kuti zotsala za magalasi oonera patali a asilikali apanyanja a ku Germany?

FUNSO

Akonzi, bambo anga anatisiya chaka chatha, ndipo pamene tinkalongosola katundu wawo ndinapeza m'sutikesi yachitsulo magalasi oonera patali, akuda, olemera ndithu, amene utoto wake wasupuka m'makona. Malemuwo anagwira ntchito zaka zambiri m'sitima zapanyanja yathu, ndipo ankanena kuti anawapatsa ndi mzungu wina amene ankagwira naye ntchito pa nthawi imene ankabwerera kwawo. Pachitsulo chapafupi ndi poika maso palembedwa 7x50, pansi pake pali zilembo za blc ndi nambala yaitali, ndipo mbali inayo pali malo amene munthu anapala ndi tupa, koma chilembo cha M chikuonekabe. Amalume akuti n'zotsala za nkhondo ya ku Karonga. Chikwama chake palibe, lamba palibe, chivundikiro palibe, ndipo mphira imodzi ya pamaso inauma n'kung'ambika. Ine ndimasunga zinthu zakale monga ndalama zachitsulo ndi mawayilesi, choncho ndikufuna magalasiwa akhale okwanira. Kodi zotsalazi ndingazipeze kuti?

Mphunzitsi wa ku Katoto, Mzuzu

YANKHO

Pepani aphunzitsi chifukwa cha imfa ya bambo, ndipo zikomo chifukwa mwalemba zonse zimene zili pachitsulo, pakuti zilembozo ndizo zikutiuza chimene muli nacho m'manja. Kuyambira cha m'ma 1940, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, boma la Germany linalamula makampani opanga zida zankhondo kuti asiye kulemba mayina awo ndipo m'malo mwake azidinda zilembo zitatu, n'cholinga choti adani asadziwe fakitale yoyenera kuiphulitsa. Zilembo za blc zinali za Carl Zeiss ya mumzinda wa Jena, beh zinali za Ernst Leitz ya ku Wetzlar, bmj za Hensoldt, ndipo cxn za Emil Busch ya ku Rathenow. Chilembo cha M chimene chatsala chija chinkakhala pansi pa chiwombankhanga chogwira chizindikiro cha chipani cha Nazi, ndipo chinkasonyeza kuti chipangizocho ndi cha gulu lankhondo lapanyanja lotchedwa Kriegsmarine, limene linakhalapo kuyambira 1935 mpaka 1945. Nkhondo itatha anthu ambiri ankapala chizindikirocho, ndipo n'zomveka, poganizira zoopsa zimene zinachitika pansi pake. Malo opalidwawo asiyeni monga alili, chifukwa nawonso ndi mbali ya mbiri ya magalasiwo. Mukaona chilembo cha N kapena O chotsogolera nambala ina, dziwani kuti N ankaimira likulu la ku Nyanja ya Kumpoto ku Wilhelmshaven, pamene O ankaimira la ku nyanja ya Baltic ku Kiel.

Apa mwaona kale kuti nkhani ya amalume siikugwirizana ndi zaka, ngakhale kuti ili ndi pochokera. Majeremani anamenyanadi ndi asilikali a KAR, gulu lankhondo la atsamunda a ku Britain, ku Karonga pa 9 September 1914, ndipo mwezi wa August chaka chomwecho sitima ya Angerezi ya Guendolen inaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili padoko la Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli ku Tanzania. Koma imeneyo inali nkhondo yoyamba ya padziko lonse, zaka zoposa 25 zilembo za blc zisanayambe kudindidwa. Zimene malemu bambo ankanena ndizo zomveka, popeza nkhondo yachiwiri itatha mu 1945 asilikali ndi amalinyero a ku Britain anatenga magalasi ochuluka a Majeremani, ndipo ankawakonda chifukwa ankaonetsa bwino kukamada. Chinsinsi chake chili mu nambala ija ya 7x50: chinthu chimaoneka pafupi kasanu n'kawiri, galasi lakutsogolo ndi lalikulu mamilimita 50, ndipo mukagawa 50 ndi 7 mupeza kuti kuwala kotulukira kumaso ndi kotambalala pafupifupi mamilimita 7, komwe ndi kukula kwa mwanadiso wa munthu wachinyamata mumdima. Kuwonjezera apo, mu 1935 katswiri wa ku Zeiss, Alexander Smakula, anatulukira njira yokutira magalasi ndi kachinthu kopyapyala kochepetsa kunyezimira, ndipo ambiri mwa magalasi okutidwa motero ankadindidwa chilembo cha T.

Tsopano tibwere ku zotsala zija, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti chikwama chenicheni cha nthawi ya nkhondo simudzachipeza pamsika wa Mzuzu kapena pa Taifa. Zinthu zimenezi zimagulitsidwa ndi anthu osunga zida zakale zankhondo ku Germany, Britain ndi America, kudzera pa msika wa pa intaneti wa eBay, m'masitolo awo a pa intaneti ndi m'magulu a pa Facebook. Zimene zinkabwera ndi magalasi otere ndi chikwama chachikopa, lamba wapakhosi, chivundikiro choteteza kumaso ku mvula ndi madzi amchere, mphira za pamaso, ndiponso timagalasi tamitundu tochepetsa kuwala kwa dzuwa pamadzi. Chivundikiro cha magalasi ena a Zeiss chimakhala ndi mawu akuti Benutzer, kutanthauza wogwiritsa ntchito, ndipo anthu osunga zakale amachifuna kwambiri. Vuto n'lakuti zinthu zing'onozing'onozi ndizo zinkayamba kutayika kapena kuwola, motero zenizeni zatsala zochepa ndipo mtengo wake ungakudabwitseni, makamaka mukaphatikiza ndalama zotumizira, msonkho wa pachipata ndi kuvuta kwa ndalama zakunja kumene tonse tikukudziwa.

Pamene pali kusowa pamabweranso achinyengo, ndipo pano mpamene ndikufuna mudekhe, pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mphira ya zaka 80 imakhala youma, yosweka timizere, ngati imene muli nayoyo, ndiye wina akakuonetsani yofewa, yonyezimira, n'kumati ndi ya mu 1943, mukhale ndi mafunso. Chikopa chakale chimatha mosiyanasiyana, kwambiri pamene dzanja linkagwira ndi pamene lamba ankapindika, ndipo ulusi wake umakhala wofiirira mofanana ndi chikopacho. Chizindikiro chodindidwa chooneka chakuthwa pachikopa chakutha ndi chokayikitsa, chifukwa alipo anthu amene amatenga zikwama wamba zakale n'kudindapo chiwombankhanga kuti akweze mtengo. Musanatumize ndalama pemphani zithunzi za m'kati, za pansi ndi za msoko, ndipo funsani muyezo wa m'kati mwa chikwama, popeza magalasi a 7x50 a Zeiss ndi a Leitz sanali ofanana thupi, ndipo chikwama cha ena sichingakwane ena. Mphira zopangidwa masiku ano zimene wogulitsa akuvomera yekha kuti n'zatsopano zilibe cholakwa, n'zotchipa, ndipo ndi zimene ndingakulangizeni kugula, koma yakale yong'ambikayo muisunge mu envulopu.

Kwa ine, chikwama ndi lamba mungosoketsa konkuno. Pitani kwa mmisiri wosoka nsapato ndi zikwama amene mumamukhulupirira, mumutengere chithunzi cha chikwama chenicheni ndi muyezo wa magalasi, akusokereni chachikopa cholimba chokhala ndi nsalu yofewa m'kati, ndipo asadindepo chizindikiro chilichonse chonamizira kuti n'chakale. Lamba akhale wachikopa chatsopano, chifukwa ngakhale mutapeza weniweni wa nthawi ya nkhondo simungamudalire kunyamula chinthu cholemera kuposa kilogalamu, ndipo magalasi akagwa pasimenti kamodzi kokha maprizimu, omwe ndi timagalasi ta m'kati totembenuza kuwala, amasuntha kapena kubenthuka.

Chimene chikundidetsa nkhawa kuposa chikwama ndi nyengo ya kwanuko. Mzuzu ndi malo a chifunga ndi mvula yochedwa kutha, ndipo chinyezi chimameretsa nkhungu m'kati mwa magalasi, imene ikakhalitsa imadya galasilo n'kusiya zipsera zosachoka. Tengani tochi ya foni usiku, muunike kuchokera kumaso uku mukuyang'ana kugalasi lalikulu lakutsogolo, ndipo mukaona timizere toyera tonga ulusi wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu. Asungeni m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'makatoni a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala, ndipo muzisinthasintha timapaketito. Musawasunge m'chikwama chachikopa miyezi yambiri, pakuti chikopa chimasunga chinyezi. Musawayanike padzuwa kapena kuwasiya m'galimoto yotentha, chifukwa utomoni womatira magalasi akale umasungunuka n'kulekana. Popukuta, yambani mwachotsa fumbi ndi kaburashi kofewa, kenako nsalu ya magalasi a maso, osati malaya, polishi kapena mafuta a makina.

Ndikupemphaninso kuti musawapente ndipo musalole munthu aliyense kuwamasula, ngakhale wokonza mawotchi kapena mafoni waluso, chifukwa mbali ziwirizo zinalunzanitsidwa ndi makina apadera kuti maso onse aone chithunzi chimodzi. Kuti mudziwe ngati zidakali bwino, imani panja m'mawa kukayera, muyang'ane nsanja ya mafoni yakutali, muzungulize poika diso lililonse palokha mpaka chithunzi chiwale, kenako muwatalikitse pang'ono kumaso. Nsanja ikaoneka iwiri, ina pamwamba pa inzake, kapena mutu ukayamba kuwawa pakangopita mphindi zochepa, ndiye kuti asuntha m'kati ndipo akufunika katswiri wa magalasi otere. Ikaoneka imodzi, soketsani lamba uja, ndipo tsiku lina mukatsikira ku Nkhata Bay muwanyamule mukaonere Ilala ikulowa padoko. Musanatero khalani pansi ndi amalume ndi aliyense amene anagwira ntchito ndi malemu, mulembe dzina la sitima, zaka ndi zonse zimene akukumbukira za mzungu uja, ndipo pepalalo muliike m'chigubu momwemo pamodzi ndi mphira yakale ija.