Amazon nayonso imazima, achemwali

Achemwali, mwati webusayiti yanu yogulitsirapo zitenje inazima masiku awiri, ndipo mnyamata amene anakukonzerani akuti musamukire ku Amazon, kampani imene imasunganso mawebusayiti a anthu pa makompyuta ake, poti kumeneko sikuzima. Mukufunsa ngati kuli koyenera kulipira ndalama zochulukazo. Ine ntchito yanga ndi yosamalira mawebusayiti a mabizinesi ang'onoang'ono muno mu Harare, ndiye mundipirire, yankho litalika.

Mnyamatayo wakokomeza. Pa 20 Okutobala 2025 makina a Amazon a ku Virginia, ku America, anasokonekera kwa maola ambiri. Chinavuta ndi DNS, yomwe ili ngati kaundula wolozera kompyuta kumene kuli seva, makina osungira webusayiti. Snapchat, Fortnite ndi mabanki ena a ku Britain zonse zinakhala pansi. Mwezi usanathe, pa 18 Novembala, Cloudflare, kampani imene mawebusayiti ambiri amadutsirako, nayo inagwa chifukwa cha fayilo imodzi yomwe inakula kupitirira muyeso, X ndi ChatGPT n'kugwera limodzi. Nanga mwaiwala madzulo a pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zitazima maola pafupifupi 6? Tonse tinkangozimitsa ndi kuyatsa mafoni, kumanamizira netiweki yathu, chonsecho vuto linali kutsidya kwa nyanja.

Sindikunena kuti makampani aakuluwa ndi achabechabe, ayi. Amagwa mwa apo ndi apo poyerekeza ndi ang'onoang'ono. Koma akagwa palibe amene mungamuimbire foni, mumangodikira limodzi ndi dziko lonse. Ndipo mwina muli kale kumeneko osadziwa, chifukwa makampani ambiri a hosting, osungira anthu mawebusayiti, amachita lendi malo kwa akuluakulu omwewo. Akamalonjeza kuti webusayiti izikhala yoyaka 99.9% ya nthawi, dziwani kuti akudzipatsa maola 8 ndi mphindi 45 pachaka oti azime popanda mlandu. Akapitirira apo amangokuchotserani kangachepe pa bilu, maoda amene mwataya sabweza.

Palinso msewu wofikira ku sevayo. Zimbabwe ilibe nyanja, intaneti yathu imabwera pa zingwe zodutsa ku South Africa ndi Mozambique. Mu Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka, abale athu kumudzi ku Malawi anavutika ndi intaneti masiku angapo pamene maseva anali bwinobwino. Seva ya ku Johannesburg kapena Cape Town ili pafupi kusiyana ndi ya ku America, ndipo mukasankha ya muno, afunseni za jenereta ndi mabatire. Nkhani ya magetsi mukuidziwa nokha.

Koma chimene ndaona chikugwetsa anthu mphwayi si kuzima kwa maola ayi. Bambo wina wogulitsa masipeya a galimoto ku Mbare anabwera kwa ine webusayiti yake itafa. Kampani imene inkamusungira inali itangotseka, mafoni osayankha. Ndinati palibe vuto, tisamutsira kwina. Pofufuza tinapeza kuti domain, dzina la webusayiti pa intaneti, inalembetsedwa m'dzina la mnyamata amene anaikonza, yemwe anali atapita ku Joni n'kusintha nambala. Backup, kope la webusayiti losungira padera, panalibe ngakhale imodzi. Tinayambiranso kujambula masipeya limodzi limodzi, dzina latsopano, chikwangwani chatsopano, makadi onse amene anasindikiza n'kusanduka zinyalala. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Backup yokhala pa seva yomweyo ndi fodya wa pachala. Mu Malichi 2021 nyumba ya maseva ya OVH ku Strasbourg, ku France, itapsa, ena anataya zonse chifukwa backup yawo inali pamalo omwewo.

Ndiye ine ndikanakhala inu sindikanathamangira ku Amazon. Kumeneko amalipiritsa malinga ndi mmene mwagwiritsira ntchito, pa khadi, m'madola a ku America, ndipo pamafunika munthu wodziwa kuyendetsa, apo ayi bilu idzakudzidzimutsani. N'chimodzimodzi kugula lole kuti muzinyamulira mabelo awiri a zitenje. Masiku awiri ndi ambiri ndithu, ndiye ngati kampani yanu sikufotokoza chimene chinachitika, kapena zikabwerezanso, samukirani kwina kwa mtengo wofanana. Ndi ntchito ya tsiku limodzi ngati zinthu zili m'manja mwanu.

Mawa lomwe mufunseni mnyamatayo kuti domain ili m'dzina la ndani. Ngati ndi ya .co.zw, imayang'aniridwa ndi ZISPA, bungwe la makampani a intaneti muno mu Zimbabwe, ndipo iyenera kukhala m'dzina lanu ndi imelo yanu. Akupatseni mapasiwedi onse, komanso backup pa fulashi mwezi uliwonse, muzisunga kunyumba. Manambala a makasitomala anu alembeni m'kope, asamangokhala mu WhatsApp mokha. Akayamba kuzungulirazungulira pa nkhani ya domain, bwererani pano mutiuze zimene wanena.