Onse ali ndi glaucoma, nanga manambala akusiyaniranji?

FUNSO: Mayi anga ndi amalume, a bere limodzi, onse anawapeza ndi glaucoma. M'buku la kuchipatala la mayi analembamo CDR 0.8, la amalume CDR 0.5, koma amene akuvutika kwambiri ndi amalume: akamawerenga, mawu ena amangosowa pamzere. Ine nditakayezetsa anapeza 0.7, n'kundiuza kuti matendawa ndilibe. Kodi alipo amene analakwitsa? — Wowerenga, Balaka

YANKHO: N'kutheka kuti palibe analakwitsa. Glaucoma ndi matenda amene amawononga pang'onopang'ono mtsempha wa diso, koma nambala ya CDR payokha siweruza mlandu.

Kuseri kwa diso kuli malo ozungulira, a mamilimita pafupifupi awiri m'mimba mwake, pamene timitsempha toposa 1 miliyoni timasonkhana n'kupanga mtsempha wopita ku ubongo. Dokotala akasuzumira ndi nyali, malowo amaoneka ngati mtondo mukauyang'ana chapamwamba: pakati pali dzenje lotuwa, m'mbali muli mlomo wofiirira. Timitsempha tili mumlomomo. CDR imangonena kuti dzenje latenga gawo lotani la m'mimba mwa malowo: 0.8 ndiye kuti magawo 8 pa 10.

Tsono mtondo waukulu dzenje lake limakhala lalikulu, ngakhale uli watsopano. Anthu akuda ambiri amabadwa ndi malo amenewa okulirapo kusiyana ndi azungu, choncho 0.7 yanu ikhoza kukhala yachibadwa. Koma pamtsempha waung'ono, 0.5 ikhoza kutanthauza kuti zambiri zatha kale. N'chifukwa chake woyeza wodziwa ntchito amayamba wayeza kukula kwa malo onsewo, kenako n'kuyang'ana mlomo. M'diso labwino mlomo umanenepa kwambiri chakumunsi, kenako kumtunda, kenako mbali ya kumphuno. Mbali ya kukhutu ndiyo yopyapyala. Dongosololi likasokonekera, kapena maso awiri akasiyana ndi 0.2 kapena kuposa, timakayikira glaucoma.

Matendawa sadya mtsempha mofanana mwa aliyense. Mu 1996, madokotala Marcelo Nicolela ndi Stephen Drance a ku Vancouver, Canada, anafotokoza maonekedwe anayi.

Mwa ena, dzenje limangofutukuka mbali zonse. Awa kawirikawiri puresha ya m'diso imakhala yokwera ndithu, kupitirira 21 mmHg, pamene ya anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21. Timitsempha timatha pang'onopang'ono paliponse, ndipo munthu amatha kuwerengabe bwino kwa nthawi yaitali ngakhale nambala ili yaikulu. Mwina ndi mmene zilili kwa mayi.

Mwa ena, mlomo umabenthuka malo amodzi okha, makamaka kumunsi, kwinako kuli bwinobwino. Nambala imaoneka yosaopsa, koma timitsempha tonse todutsa pamenepo tafa. Popeza diso limatembenuza chithunzi, kukabenthuka kumunsi munthu amataya mbali ya kumtunda ya zimene akuona, nthawi zambiri pafupi ndi pamene wapenyetsetsa. Mawu osowa pamzere aja akugwirizana ndi zimenezi. Mtundu uwu umapezeka kwambiri mwa amayi ndi mwa odwala mutu waching'alang'ala, koma abambo suwasiya, ndipo puresha ikhoza kukhala yosapitirira 21.

Mitundu iwiri yotsalayi imavuta kuzindikira. Mwa anthu osaona patali, ovala magalasi amphamvu, mtsempha umakhala wopendekeka, ndi kachigamba kotuwa ngati mwezi wongokhala kumene m'mbali mwake; kuyeza dzenje pamenepo n'kongoyerekeza. Mwa okalamba, makamaka a BP ndi matenda a mtima, dzenje silizama, limaphwatalala ngati lichero, mlomo n'kumaoneka ngati wadyedwa ndi njenjete. Odwala ambiri amakhala ndi zosakanikirana.

Zizindikiro ziwiri n'zofunika kuposa nambala. Kamzere ka magazi m'mphepete mwa mtsempha kamasonyeza kuti matenda akupitirira ngakhale puresha ikuoneka yabwino. Kamafufutika pakatha milungu kapena miyezi ingapo, choncho wodumpha tsiku la kuchipatala kamam'phonya. China, mlomo ukayera mbuu koma osapyapyala, tisathamangire kunena glaucoma: chotupa chopanikiza mtsempha chimachitanso zimenezo, ndipo pamafunika kujambula mutu.

Inuyo muli m'gulu lofunika kulilondoloza, chifukwa kholo lanu lili ndi matendawa. Muziyezetsa chaka chilichonse. Akudonthezereni mankhwala okulitsa mwana wa diso (maso amachita chimbuuzi maola angapo, musayendetse galimoto), ayang'ane mtsempha pa slit lamp (makina okhala ndi nyali okulitsa za m'diso), ayeze puresha. Pemphaninso mayeso a kufalikira kwa kaonedwe, aja odina batani mukaona kakuwala, ndiponso chithunzi cha mtsempha kapena OCT (sikani yoyeza kunenepa kwa timitsempha) ngati makinawo alipo. Zikavuta pachipatala cha boma lanu, akutumizeni ku Lions Sight First ku Queen Elizabeth mu Blantyre, ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma. Chithunzi choyambacho musunge m'buku lanu, popeza 0.7 yosasintha kwa zaka zisanu ndi nkhani ina, 0.7 imene chaka chatha inali 0.5 ndi nkhani inanso.

Amalume akayezetse kufalikira kwa kaonedwe mwezi uno, atatenga mankhwala awo onse. Timitsempha takufa sitibwerera ngati mmene kaonedwe kamabwerera akachotsa ng'ala, koma dokotala angafune kutsitsa puresha yawo kuposa pamene ili, powonjezera mankhwala kapena ndi opaleshoni.