Funsani za Masewero: Katswiri weniweni wa makoleji a ku America ndani?

Funso: Achimwene, ine ndi mnzanga timakangana. Iye akuti pa basketball ya makoleji a ku America palibe woposa Caitlin Clark, poti mu 2024 anapitirira mapointi a Pete Maravich. Nzoona? Nanga pa mpira wa American football mungasankhe ndani? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Mnzanuyo sakunama pa chiwerengero, ndipo Clark ndimamulemekeza kwambiri. Koma onani bwino. Maravich anapeza mapointi 3,667 ku yunivesite ya Louisiana State (LSU) m'zaka zitatu zokha, kuyambira 1967 mpaka 1970, chifukwa nthawi imeneyo ophunzira a chaka choyamba sankaloledwa kusewera m'timu yaikulu. Mzere wa mapointi atatu, woti ukagoletsa uli kunja kwake umapeza mapointi atatu m'malo mwa awiri, kunalibe. Pa gemu iliyonse ankapeza mapointi pafupifupi 44! Clark anasewera zaka zinayi ku Iowa, mzerewo ulipo.

Komabe ine pamwamba ndimaika Lew Alcindor, amene pambuyo pake anadzatchedwa Kareem Abdul-Jabbar. Ku yunivesite ya UCLA anatenga chikho cha NCAA, chomwe ndi chikho chachikulu cha makoleji a ku America, zaka zitatu motsatizana, 1967, 1968 ndi 1969, ndipo timu yake inagonja kawiri kokha. Akuluakulu analetsa dunk (kudumpha n'kulowetsa mpira m'basiketi ndi manja kuchokera pamwamba) mu 1967, ndipo ambiri amati chifukwa chake chinali iyeyu. Maravich chikhocho sanachigwirepo.

Pa football, Archie Griffin wa Ohio State ndi yekhayo anapambana Heisman Trophy (mphoto ya wosewera woposa onse wa m'makoleji m'chaka) kawiri, 1974 ndi 1975. Koma mukandifunsa chaka chimodzi chokha, ndi Barry Sanders wa Oklahoma State mu 1988: anathamanga ndi mpira mayadi 2,628 m'magemu 11.