Khadi la mafuta la boma: ndivomere kugawana?

Funso: Ndimathira mafuta pa filing'i siteshoni ku Johannesburg. Dalaivala wa boma akuti ndidule R1,500 pakhadi, ndithire a R1,000, yotsalayo tigawane. Ndivomere?

Yankho: Musayerekeze, achimwene. Khadilo ndi la galimoto imodzi yokha, choncho musanathire onani ngati nambala yapakhadi ikufanana ndi yapagalimoto. Lembani makilomita, ndipo lisiti ligwirizane ndi pampu. Owerengera ndalama amayerekeza malita ndi kukula kwa thanki komanso mtunda woyendedwa. Malita 90 m'thanki ya 60 sabisika. Kamera nayo imajambula inu mukudula khadilo, ndiye mlandu wachinyengo ukugwerani nonse, ntchito n'kutha. Uzani manijala wanu, kapena imbani ulere pa 0800 701 701, nambala ya Public Service Commission, bungwe loyang'anira ntchito za boma ku South Africa. Simukakamizidwa kutchula dzina.