Ngati aphungu salipira duty, ine ndivutikirenji ndi MRA?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina amene ali ndi hadiweya ku Lunzu, antchito alipo 7. Akuti: "Tinakangana ndi alamu anga pa maliro mpaka anthu kutiyang'ana. Ine ndimati andale ndi achiphamaso, amatiuza kuti timange malamba pomwe iwo galimoto amalowetsa ulere, akachoka pa mpando penshoni yonona. Alamu akuti ndi nsanje chabe, lamulo limawalola. Ndaganiza zosiya kutumiza PAYE (msonkho wodulidwa pa masalale) komanso penshoni ya anyamata anga, ndiziwapatsa pamanja. Ndalakwa?"

Bambo, pa mkanganowo nonse awiri muli ndi mfundo, koma pa zomwe mwaganiza kuchitazo ndiye mwaphonya, ndipo ndikuuzani mosapsatira.

Tiyambe ndi alamu anuwo. Zoona, lamulo limawalola. Pali lamulo la malipiro a mapulezidenti, Presidents (Salaries and Benefits) Act, limene limapatsa pulezidenti wopuma penshoni yosadulidwa msonkho, nyumba, magalimoto, achitetezo. Aphungu nawo amaloledwa kuitanitsa galimoto osalipira duty, ngongole yomwe amatenga ku banki poyamba teremu boma lakhala likuwathandiza kubweza theka, pomaliza zaka zisanu pali gratuity. Palibe wathyola loko apa. Koma funsani alamuwo kuti lamulolo amalemba ndani? Amene amakweza dzanja kuvomereza bajeti ya misonkho ndi omwewo amene duty sawadziwa, ndiye mawu oti "lamulo limalola" amapepuka kwambiri akachokera kwa mwini cholembera. Kwa ine chiphamaso chake chili pamenepa, osati pa kukula kwa salale. Munthu kulandira zambiri si tchimo, koma kukonzera anzako katundu yemwe iwe wadzichotsamo, apo ndi pomwe anthu amatukwanira mu minibasi.

Ndipo kumbukirani kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023. Inu a hadiweya mukudziwa bwino zomwe zinachitikira mtengo wa malata ndi simenti sabata yomweyo. Aphungu anali 193, chisankho cha 2025 chawafikitsa 229, ndiye kuti magalimoto a duty free awonjezekanso. Mkwiyo wanu ndikuumva ndithu.

Komabe nanenso ndiziteteza pang'ono mbali inayo, chifukwa si zonse zomwe zimayenda pa WhatsApp zili zoona. Pulezidenti wopuma kumupatsa kangachepe kuli ndi nzeru yake, munthu amene akudziwa kuti akatsika sakagona ndi njala savuta kwambiri kutsika. Komanso gawo la salale losadulidwa msonkho lakhala likukwera, linali K45,000, mu 2020 linafika K100,000, mu 2024 K150,000. Vuto ndi loti mitengo imathamanga kuposa gawolo, ndiye wantchito saona kusintha.

Tsopano pa plan yanuyo. Mukasiya kutumiza penshoni, phungu wa kwanu samva kalikonse, ngakhale kuyetsemula. Amene mwamulanga ndi mnyamata amene amatsitsa matumba a simenti pa lole m'mawa uliwonse. Lamulo la penshoni, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 ndipo linakonzedwanso mu 2023, limati bwana aike osachepera 10 peresenti ya salale, wantchito 5 peresenti. Tiyerekeze mnyamata amalandira K200,000, inu mumaika K20,000, iye K10,000, pamwezi K30,000, pachaka K360,000 osawerengera phindu lomwe kampani ya penshoni imawonjezerapo. Mukamupatsa pamanja K30,000 imeneyo ithera ku chigayo ndi ma bundle mwezi usanathe, si kuti ndi wosasamala ayi, ndi mmene zilili ndi aliyense wa ife ndalama ikakhala m'thumba. Ndipo lamulo lomwelo limafuna kuti antchito akhale pa inshulansi ya moyo, tsiku lomwe thumba lamugwera kapena wachita ngozi, banja lake lidzabwera pa khomo panu, osati ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe.

Choipa kwambiri ndi kudula 5 peresenti pa payslip koma osatumiza. Mabwana ambiri m'dziko muno amachita zimenezi, a Reserve Bank amene amayang'anira za penshoni akhala akudandaula za ngongole imeneyi kwa zaka. Pamenepo ndiye kuti mwasanduka yemwe mukumunenayo, kudya za wamng'ono uku mukulalikira chilungamo.

PAYE nayo si ndalama yanu, inu mumangotolera m'malo mwa MRA. Mukaisunga imabala chindapusa ndi chiwongoladzanja, ndipo tsiku lomwe sukulu kapena khonsolo yatulutsa tenda ya malata adzakufunsani tax clearance certificate, kapepala kosonyeza kuti misonkho mumalipira, mulibe, oda yapita kwa mnzanu wa pa shopu yoyandikana. Ndaonapo anthu ataluza bizinesi yabwino chifukwa cha kapepala kamodzi kameneka.

Ngati msonkho ukukufinyani, pali njira zovomerezeka zoupepukitsira. Sungani malisiti a chilichonse, lendi, magetsi, transipoti, masalale, chifukwa msonkho wa bizinesi umawerengedwa pa phindu, ndipo wopanda malisiti amalipira ngati kuti sanawononge kanthu. Akakudulani withholding tax, msonkho womwe amachotseratu pokulipirani, musasiye satifiketi yake, imachotsedwa pa msonkho wanu wa pachaka. Pezani akauntanti ngakhale wa kamodzi pa miyezi itatu, ndalama yomwe mumupatse ndi yochepa poyerekeza ndi chindapusa.

Ndiye funso lomwe simunandifunse: inuyo penshoni yanu ili kuti? Eni mabizinesi ambiri amati shopu ndiye penshoni, koma shopu imadwala mwini wake akadwala. Makampani ngati Old Mutual ndi NICO ali ndi ma plan oti munthu wodzilemba yekha ntchito azisunga mwa kufuna kwake, kulinso ma SACCO. Dzilembeni pa payroll ngati wantchito wa nambala 8, muzidzidula kaye musanatenge ya ndiwo.

Za duty free zo kazifunseni phungu wanu akabwera ku msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera lanu, mutenge ndi alamu anuwo, mukakhale kutsogolo.